Tsamba Losowa M'buku la Ubatizo

1

Dzina langa ndine Glenda, ndipo nkhani iyi inayamba ndi pempho la amayi anga. Likanakhala la munthu wina ndikanalikana.

Chinali chaka cha 1993. Amayi anali atalowa m'nyumba yosungira okalamba kutauni chifukwa miyendo inali itawakana. Nzeru zinali zonse, pakamwa ndiye musanene. Tsiku lina ndikukonza maluwa pazenera lawo anandiyang'ana mwaukali.

"Glenda, takhala pansi, ukundichititsa chizungulire. Ndikufuna undipezere agogo anga."

"Agogo anu ati, amayi?"

"Bambo awo a bambo anga. Munthu sagwa mumtengo ngati apozi. Bambo anga anafa osadziwa amene anawabereka. Ine sindifuna kupita chimodzimodzi."

Zomwe tinkadziwa zinali zochepa. Bambo awo a amayi, Enoch Scrimshaw, anakulira m'nyumba ya amphawi, kuja boma linkatayako anthu osowa pogwira. Mayi wawo anali Keziah, ndipo anamwalira iwo akadali aang'ono. Atakula anagwira ntchito pafamu ya banja la Harbottle m'mudzi mwathu mwa Wragthorpe mpaka msana unapindika. N'chifukwa chake ine nditakwatiwa ndi Neville Harbottle, mudzi wonse unati mwana wa antchito wagwa m'mbale ya mafuta.

Neville anali mkulu wa mpingo, msungi wa makiyi a tchalitchi. Mzere wa makolo ake anaulemba bwinobwino n'kuupachika m'galasi pakhomo lolowera, kuti mlendo asanavule jasi adziwe kaye kuti walowa kwa ndani. Pamwamba pa onse panali Josiah Harbottle, agogo awo a bambo ake, mwini minda ndi mkulu wa mpingo, amene anapatsa tchalitchi chathu zenera lalikulu la magalasi amitundumitundu. Chaka chimenecho zeneralo linali litapita kokonzetsa, ndipo Neville sankagona nalo tulo.

Nditamuuza za pempho la amayi, anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi.

"Kwanuko kuli mbiri yanji, Glenda? Ukapezako akuba nkhuku basi."

"Ngakhale wakuba nkhuku ali ndi dzina," ndinatero.

Ndinaseka naye limodzi. Ndikakumbuka kuseka kumeneko ndimachita nseru.

2

Amene anandigwira dzanja anali Pauline Odling, mnzanga wa kusukulu, mayi wonenepa wokonda masuwiti a timbewu ndi nkhani za akufa. Ankati akufa ndi abwino kuwachezera chifukwa sabwereka shuga. Ananditengera kumzinda, kunyumba yosungiramo zikalata zakale, n'kundikhazika pamakina owerengera timafilimu ta kalembera.

Tinapukusa makinawo mpaka maso kuwawa. Kenako Pauline anandigunda ndi chigongono.

"Amwali, si uyu?"

Anali m'kalembera wa 1871, pamndandanda wa okhala m'nyumba ya amphawi. Keziah Scrimshaw, wosakwatiwa, wantchito wa m'nyumba, zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Pansi pake Enoch, zaka zitatu.

Ndinamwetulira, poti ndinali nditawapeza. Pauline sanamwetulire. Anatulutsa suwiti m'kamwa n'kuikulunga m'kapepala.

"Chotsapo zitatu, Glenda."

Ndinachotsa. Zinatsala khumi ndi zinayi. Moyo wanga wonse Keziah ndinkamuganizira ngati gogo wa mpango kumutu, koma apa ndinaona kamwana koyenera kukhala kakusewera chingwe pabwalo. Thupi lonse linandichita nyansi, ngati ndagwira chinthu chowola m'kabati.

"Amene anachita izi ndi chilombo," ndinatero.

"Chilombo chovala chipewa, ndikukuuza. Tiyeni tikaone buku la ubatizo. Ansembe ena akale sankaopa munthu, ankalemba dzina la bambo m'mphepete."

Buku la m'mudzi mwathu silinali kumzindako. Linali likadali m'bokosi lachitsulo m'kachipinda ka ansembe, ndipo kiyi wake anali m'thumba la mwamuna wanga. Ndinaganiza kuti mwayi wandimwetulira.

Koma Neville anayamba kuzengereza. Lero kiyi waiwalika, mawa loko wachita dzimbiri, mkuja mabukuwo ndi osalimba sayenera kugwidwagwidwa. Nditawopseza kuti ndikapempha kwa ansembe enieniwo, anatitsegulira, n'kuima pambali manja m'thumba akuimba kanyimbo ka m'kwaya.

Pauline anatsegula masamba pang'onopang'ono mpaka chaka cha 1868. Miyezi yoyambirira inalipo, yomalizira inalipo. Pakati panalibe kanthu. Tsamba limodzi linali litachoka, kutsala kampendero koongoka bwino ngati ntchito ya telala.

"Mbewa," anatero Neville. "Tchalitchi chino chili ndi mbewa zambiri."

"Mbewa za kuno zimayenda ndi lezala, a Harbottle?" anafunsa Pauline.

"Kapena ndi anthu akale. Ndani angadziwe? Pepa, Glenda, wayesetsa. Apa ndiye pathera njira."

Anandisisita paphewa. Madzulo ake anandigulira nsomba ndi tchipisi, chinthu chimene ankati n'chakudya cha anthu osaphunzira.

3

Sabata yotsatira ndinapita kwa amayi kuti ndikawafotokozere pomwe tafika. Ndinawapeza atatembenuzira mpando kukhoma. Chithunzi cha bambo awo, chomwe chinkakhala pafupi ndi bedi, chinali chitalowa m'dirowa.

"Amayi, Keziah tamupeza m'kalembera."

"Usanditchulire dzina limenelo."

"Bwanji? Si inu munandituma?"

"Ndakutumula. Zisiye. Zinyalala zikakwiriridwa safukula."

"Wakuuzani chiyani ndani?"

"Ndati zisiye! Ndiwe gonthi?"

Anakana tiyi, anakana keke yomwe ndinawaphikira. Anamwino anandiuza kuti masiku amenewo sankadya bwino, ndipo analeka kupita kukasewera makhadi ndi anzawo. Ndinaganiza kuti ndi ukalamba, kuti mutu wayamba kusokonekera. Neville nayenso anatero, nkhope ili yachisoni.

"Usawavutitse, Glenda. Munthu wamkulu asiyidwe apite mumtendere."

Amayi ankafota ndikuona. Munthu amene ankakalipira dokotala ngati mwana wake tsopano ankayankha ndi mutu wokha.

4

Pauline ndi uja sasiya fupa. Anandiimbira foni m'mawa wina ndikuchapa.

"Amwali, valani nsapato. Amene anadula tsamba uja ndi mbuli."

"Mbuli bwanji?"

"Sadziwa kuti kale wansembe aliyense, chaka chikatha, ankakopera maubatizo onse n'kutumiza kwa bishopu. Buku lili m'mudzi, mapasa ake ali kuno kumzinda. Ndinangoopa kuti a zaka zimenezo anatayika, koma alipo."

Apa mumvetse za mwamuna wanga. Mzere wa makolo ake anaulemba kuchokera m'bokosi la tchalitchi ndi m'Baibulo la banja lawo basi. Kunyumba ya zikalata sanapondeko phazi. Ankati kumeneko kumapita anthu osadziwa makolo awo.

Titafika kunyumba ya zikalatako, ogwira ntchito anatibweretsera mpukutu wa mapepala achikasu onunkha fumbi. Pauline anayendetsa chala, n'kuima. Anandikankhira pepalalo.

Enoch, mwana wapathengo wa Keziah Scrimshaw, wantchito. Pambali pake, ndi dzanja lomwelo la wansembe: bambo wake akuti ndi bwana wake, Josiah Harbottle, mlimi, mkulu wa mpingo uno.

Ndinawerenga kawiri. Josiah wa pazenera. Josiah wa pamwamba pa galasi la pakhomo panga, amene dzina lake ndinkalipukuta fumbi Loweruka lililonse. Nthawi imeneyo anali bambo wa imvi, wa ana akuluakulu kuposa Keziah.

"Tisaimire pomwepa," anatero Pauline. "Tione wilo yake, kalata yogawira chuma chake akamwalira. Munthu akamafa nthawi zina manyazi amamugwira."

Wilo inapezeka. Minda kwa ana ake a m'banja. Zenera kwa Mulungu. Hatchi yake yokalamba analamula kuti isagulitsidwe, idyetsedwe bwino mpaka imfa yake. Ndipo kumapeto kwenikweni: kwa mnyamata wotchedwa Enoch, wogwira ntchito m'khola langa, nsapato zanga zakale.

Ndinathamangira kuchimbudzi n'kukasanza. Hatchi anaipatsa ukalamba wabwino, mwana wake anamupatsa nsapato zonunkha mapazi. Ndipo agogo angawo, osadziwa kanthu, mwina anavula chipewa n'kuthokoza.

5

Ndinamupeza Neville m'munda akudulira maluwa. Ndinaika makope a mapepala aja pawilibala.

Anawerenga, makutu ake n'kufiira. Sanafunse kuti ndi chiyani. Anangofunsa kuti, "Wazitenga kuti?"

"Kwa bishopu. Mbewa zanu sizinafikeko."

Anakhala pansi pa chidebe. Anavomera msanga, mwina poona kuti pothawira palibe. Anati tsambalo analiona kalekale tisanakwatirane, ndipo m'banja mwawo akuluakulu onse ankadziwa. Analidula tsiku lomwe ndinamuuza za pempho la amayi.

"Lili kuti?"

"Ndinaliwotcha pamodzi ndi masamba a mitengo."

"Munkadziwa kuti amayi anga ndi mdzukulu wa Josiah, inu n'kumawasiya azikolopa m'nyumba mwa mayi anu?"

"Glenda, zinali nthawi zina. Masiku amenewo zoterezi zinkachitika paliponse."

"Anali ndi zaka khumi ndi zinayi."

"Atsikana akale ankakula msanga."

Ndinamuyang'ana munthu amene ndinagona naye bedi limodzi kuyambira utsikana wanga, ndipo khungu langa linanyansidwa ngati layendedwa ndi mphemvu.

Kenako anayamba kulira. Anati zenera likubwera mwezi womwewo, adzalidalitsa pamaso pa mudzi wonse, anthu asonkha, nyuzipepala ya m'boma idzabwera. Anati ndidikire mwambowo udutse. Anati iye si Josiah, iye sanakhudze mwana wa munthu, anangochita mantha. Ndikuuzeni zoona, pang'ono ndinamumvera chisoni. Ndinaona nkhalamba yopusa imene yathera moyo wake ikupembedza galasi.

"Mwambo wanu sindiukhudza," ndinatero. "Koma amayi ndikawauza mawa."

Anadzuka msangamsanga. "Ayi, amayiwo asiye. Ndiwo makamaka. Mtima wawo ndi wofooka."

Ndinadabwa kuti akuopa gogo wa pa njinga ya olumala kuposa nyuzipepala.

6

Amayi anali atayang'ana kukhoma monga mwa masiku onse. Ndinakoka mpando n'kukhala kutsogolo kwawo.

"Amayi, lero mundimvera, mufune musafune. Ndi za Keziah."

"Hule ameneyo ndati usamutchule muno."

Mawu amenewo sindinawamvepo pakamwa pawo chibadwire.

"Hule? Mwazitenga kuti zimenezo?"

"Usadzipusitse, ukudziwa. Mwamuna wako anabwera kuno yekha, mwana waulemu, anandibweretsera ndi mphesa. Anati wapeza zonse m'mabuku a tchalitchi koma iwe ukuchita manyazi kundiuza. Anati mkaziyo ankadzigulitsa kuseri kwa bawa tsiku la msika, kwa oyendetsa ng'ombe, kwa asilikali, kwa aliyense wa kandalama. Anati bambo a bambo anga sangadziwike chifukwa mwini wakeyo sankawadziwa. Bambo anga ankamupempherera usiku uliwonse, Glenda. Ankati mayi anga anali mngelo. Ine ndakhala pano ndikuthokoza Mulungu kuti anafa osadziwa kuti anatuluka m'ngalande."

Ndinakhala ngati andithira madzi otsukira mbale kumaso. Kudula tsamba sikunamukwanire. Anakwera basi, anagula mphesa, anakhala pampando womwe ndinakhalapowo, n'kumupaka matope mwana wakufa amene analibe womuyankhira. Anachita zimenezo kuti gogo wodwala achite manyazi aleke kufunsa. Kenako anabwera kunyumba n'kudya chakudya chomwe ndinaphika.

Ndinawaveka magalasi awo n'kuwapatsa mapepala. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Ubatizo, kalembera, wilo. Atafika pa nsapato anatsonya.

"Ndikuzikumbuka. Bambo anga ankazisunga pansi pa bedi, zitatheratu. Ankati bwana wamkulu anawakonda." Anavula magalasi. "Keziahyo anali ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi zinayi."

Misozi inatsika m'makwinya a nkhope yawo, osaipukuta.

"Ndiye kuti ndakhala ndikutukwana mwana," anatero. "Kumutukwana m'mawa, kumutukwana madzulo. Kamwana koti ndikanakanyamula pamiyendo." Anapuma mwamphamvu. "Tsegula dirowa, bweretsa bambo anga. Ndipo itana namwino andipatse chakudya. Zenera lija akulidalitsa liti?"

7

Kunyumba sindinabwererenso kukagona. Ndinakatenga zovala Neville ali kukwaya, n'kupita kwa Pauline. Neville anaimba foni kangapo. Ulendo umodzi ndinayankha.

"Glenda, ndinachitira banja lathu."

"Iwe," ndinatero, ndipo aka kanali koyamba kumutchula choncho, "usadzandikhudzenso ngakhale ndi chala."

Tsiku la mwambo tchalitchi chinadzaza. Zipewa, mafuta onunkhira, mbale za masangweji zitandandalikidwa kumbuyo. Zenera linali litaphimbidwa ndi nsalu yofiira. Ine ndi Pauline tinalowa tikukankha njinga ya amayi, iwo atavala jasi lawo la buluu ndi chipewa cha nthenga. Neville atationa anagwira benchi.

Wansembe wathu, mnyamata wofatsa amene sankadziwa chilichonse, analankhula za kuwolowa manja kwa Josiah. Pomaliza anati, monga mwa mwambo, nsalu ichotsedwe ndi mbadwa yake yapafupi kwambiri imene ili moyo. Neville anayamba kuyenda.

"Khala pansi, Neville," anatero amayi. Mawu awo anamveka mpaka kukhomo. "Iwe ndiwe chidzukulu chabe. Mdzukulu ndine. Glenda, ndikankhe."

Ndinawakankha. Anagwira chingwe ndi manja onse awiri n'kukoka, nsalu inagwa. Dzuwa linalowa m'magalasi muja, n'kuonetsa chithunzi cha Yesu akudalitsa tiana.

"Taonani kukongola," anatero amayi. "Agogo anga amenewa ankakondadi ana. Wina anali wantchito wawo, Keziah Scrimshaw, wa zaka khumi ndi zinayi. Anamupatsa mimba n'kumutaya kunyumba ya amphawi. Mwana wake ndiye bambo anga. Mapepala ali ndi Glenda, ofuna awerenge. Ndatha, abusa, pitirizani."

Mukuganiza kuti tchalitchi chinagwedezeka? Simukuwadziwa anthu a kwathu. Wina anatsokomola. Woimba limba anayamba nyimbo yotsatira, anthu n'kuimirira, kuimba mavesi onse osaphonya. Pambuyo pake anapanga mzere wa tiyi. Mayi wina wa m'komiti anaweramira amayi n'kunena kuti, "Mwayenda bwanji, mayi Edna? Chipewa chokongola." Bambo wina anandinong'oneza kuti nkhaniyo njomvetsa chisoni, komabe sinali ya pa tsiku ngati limeneli. Amene anapempha kuona mapepala anali wansembe yekha. Ena onse anali ndi Neville pakona, akumusisita pamsana ndi kumuwonjezera keke.

Amayi anaziona zonse. "Tiye, mwanawe," anatero. "Muno mukununkha."

8

Owerenga anzanga, ambiri a inu mwayamba kufufuza makolo anu, ndipo mumandifunsa ngati simudzapeza zoopsa. Mudzapeza. M'mabuku amenewo muli akuba, zidakwa ndi zilombo zovala zipewa. Koma Josiah sanandinyanse ngati mmene anandinyansira mwamuna wamoyo, wosamba bwino, wodziwa mapemphero onse pamtima, amene anasankha galasi m'malo mwa mwana. Akuluakulu anati mlandu suwola. Ine ndaona kuti umawola ndithu, ndipo pamapezeka anthu aulemu wawo okonzeka kuukhalira pamwamba kuti fungo lisatuluke.

Zenera likadalipo. Neville akadali mkulu wa mpingo, anamusankhanso chaka chotsatira. Tsamba lija komiti inalemba kuti linawonongeka mwangozi. Ine ndimakhala m'kanyumba ka lendi kutauni, ndipo ndinabwerera ku dzina la kwathu.

Amayi anakhala ndi moyo mpaka nyengo yozizira. Anadya, ananenepa pang'ono, anabera anzawo pamakhadi mpaka sabata yomaliza. Manda a Keziah sitinawapeze, poti amphawi ankawakwirira opanda chizindikiro. Choncho amayi anasankha okha malo awo m'bwalo la tchalitchi, kunsi kwenikweni kwa zenera, ndipo ananena okha mawu a pamwala. Anakana vesi, anakana maluwa osema. Palembedwa kuti: Edna, mwana wa Enoch, mdzukulu wa Keziah, amene anali ndi zaka khumi ndi zinayi.

Udzu wa m'bwalo limenelo amatchetcha ndi mkulu wa mpingo. Pauline akuti Neville akafika pamwalapo amayang'ana kumbali, koma makina ake salola, ayenera kugwada n'kumeta m'mphepete ndi sizasi.